Ana Awiri pa Benchi

1. Kuchoka ku South Bend

Khirisimasi ya chaka cha 2004 inamupeza Lucia Kadzuwa akadali mlendo m'dziko la America. Anachokera ku Chilomoni kudzaphunzira za unamwino pa koleji ina ku South Bend, ndipo ankakhala kwa a Dixon Chimbalanga, mkulu wa mpingo umene Amalawi a m'tauniyo ankapempherako.

Tisamunamizire mwana wa eni ake, Lucia anali mtsikana wabwino. Ankalawirira kudzuka, ankagwada popereka madzi kwa akulu, m'kalasi ankakhoza. Chilema chake chinali chimodzi: akamva mutu wa nkhani, ankaganiza kuti mchira akuudziwa kale.

Sukulu itatsekera, a Chrissie, mng'ono wa mayi ake, anaimba foni kuchokera ku Indianapolis. Amuna awo, a Chester, anali atapita ku Malawi kukaika maliro a mayi awo. A Chrissie anatsala okha ndi ana awiri, pamene ntchito yawo ya ku nyumba yosamalira okalamba sinkadziwa tchuthi. Ankafuna Lucia apite akawalerere ana.

Lucia anavomera mawu asanathe m'kamwa mwa Anti akewo. Za ana anamva, inde, koma chimene chinamukomera m'khutu chinali dzina la mzindawo.

Mwayi unali wakuti Kingsley, mnyamata wa ku Kasungu amene ankaphunzira naye, ankapitanso komweko kwa achimwene ake pa kagalimoto kake kotha matayala. Tsiku lonyamuka, a Dixon anamuimitsa Lucia pakhomo, chikwama chili kale paphewa.

"Lucia mwana wanga, ukupita kukathandiza mayi ako, sukupita kukaona mzinda. Ine ndakhalitsa kuno. Ndaona ana ochenjera kuposa iwe akubwerera kwawo akulira. Dziko lino aliyense amakumwetulira, m'basi, m'shopu, pamsewu, ndipo mlendo amaganiza kuti wapeza abale. Koma malamulo a kuno alibe chibale. Kwathu ukalakwa timakhala pansi, akulu amalankhula, nkhani imathera pakhonde. Kuno nkhani siithera pakhonde. Chimene sukuchidziwa ufunse. Ngakhale chioneke chaching'ono, ngakhale uope kuti akuseka, ufunse. Paja safunsa anadya phula."

"Ndamva, bambo," anatero Lucia, maso ali pa galimoto.

Ulendo wonse Kingsley sanatseke pakamwa.

"Iwe Lucia, South Bend ndi mudzi. Dikira uone daunitauni ya Indianapolis. Pakati pa tauni pali chipilala chachitali, amachikokera zingwe za magetsi kuchokera pamwamba mpaka pansi, madzulo chimasanduka mtengo wa Khirisimasi. Pali ngolo zokokedwa ndi mahatchi, umakwera ngati mkwatibwi. Makwaya amangoimba pamsewu, ulere. Fada Khirisimasi wake ndi wa ndevu zenizeni, osati zathonje zija. Koma zonsezo n'zachibwana. Chenicheni ndi kusketa pa ayisi, kutsetsereka pa madzi oundana. Ndikakuphunzitsa ndine."

"Ine ndikupita kukalera ana," anayankha Lucia, koma anazinena akumwetulira.

2. Lamulo la Anti Chrissie

A Chrissie ankakhala ku Beech Grove, m'kanyumba ka lendi chakunja kwa mzinda. Mwana wawo wamkulu, Shalom, anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana ambiri obadwira kumeneko. Wamng'ono, Mthunzi, anali atangoyamba kukwawa.

Mlungu umenewo kunagwa chipale chofewa chochuluka, chija eni ake amati sinowo. Misewu inakwiririka, ndipo kuzizira kunali kolasa m'mafupa. Anzawo ena a ku ntchito analephera kutulutsa magalimoto, motero a Chrissie anauzidwa kuti tsiku lakuti mawa ndi Khirisimasi agwire mashifiti awiri otsatizana.

M'mawa wa tsikulo, atavala kale yunifolomu, anamukhazika Lucia pa tebulo la m'khitchini.

"Tamvera bwino, Lucia. Mkaka wa Mthunzi uli mufiriji, matewera ali m'kabati. Nambala ya ku ntchito kwanga ndamata pa chitseko cha firiji, chifukwa selefoni yanga ndimaitsekera mu loka, sitiloledwa kuyenda nayo. Zonsezo ukaiwala ndikhululuka. Koma ichi chokha usaiwale: ana awa usawasiye okha. Ngakhale kokataya zinyalala, ngakhale kokagula buledi pakona apo. Ndikudziwa zimene ukuganiza. Ine ndinkakubereka iweyo kumsana ndili sitandade folo, mayi ako atapita kumsika ku Limbe, ndipo palibe amene ankadabwa. Kumeneko ndi kwathu. Kuno mwana salera mwana mnzake. Munthu akawapeza okha safunsa kuti mayi wawo ali kuti, amangoimbira apolisi. Apolisi amaitana a boma oona za ana, iwowo amatenga ana n'kukawasungitsa kwa anthu ena mpaka woweruza atanena. Pali mayi wina wa ku mpingo kwathu amene anangothamangira ku shopu, mwana ali m'tulo. Anatha miyezi akuyendera ku khoti. Ine mphamvu zimenezo ndilibe, Lucia. Ankolo ako kulibe. Ana awawa ndiwo zonse zimene ndili nazo m'dziko lino."

"Anti, musadandaule. Ndalera ana angati ine kwathu?"

"Chikundidetsa nkhawa ndi chimenecho," anatero a Chrissie, n'kutenga makiyi a galimoto.

M'mawa wonse zinthu zinayenda bwino. Lucia anasambitsa Mthunzi, anamuluka Shalom tsitsi, anakolopa m'khitchini. Chakumasana foni ya m'nyumba inalira. Anali Kingsley.

"Lero ndi lero, Lucia. Mawa zonse zitsekedwa. Tikumane mu molo ya daunitauni, pa mtengo waukulu wa Khirisimasi."

"Ndili ndi ana."

"Abweretse. Kodi ana sakwera basi?"

Lucia anaganiza pang'ono n'kupeza kuti nzeru ilipo. Anti analetsa kusiya ana okha, sanaletse kupita nawo m'tauni. Kufunsa kunali kosavuta, nambala inali pafiriji pomwepo. Koma wofunsa amalandira yankho, ndipo yankholo Lucia ankalidziwa kale.

Shalom atamva analumphalumpha. Mayi ake anali atamulonjeza kalekale kuti akaona Fada Khirisimasi, koma ntchito sinkawapatsa mpata. Lucia anawaveka anawo majekete ndi zipewa, anaika mkaka ndi matewera m'chikwama, anabereka Mthunzi ndi chitenje, n'kukhoma chitseko. Nambala ija inatsala pafiriji.

3. M'tauni

Pa nkhani ya mzinda, Kingsley sananame. Lucia atatsika basi anangoti kakasi. Nyumba zazitali zinali zitavala nkhata zamasamba ndi maliboni ofiira. Hatchi yoyera inadutsa ikukoka ngolo, mabelu akulira m'khosi mwake, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Pakona pena amayi ndi abambo ovala masikafu ankaimba nyimbo imene Lucia ankaidziwa m'Chichewa, ndipo iye anaimba nawo chapansipansi. Chipilala chija anachiona, zingwe zake za magetsi zikudikira mdima.

Mphepo sinawalole kuima nthawi yaitali. Analowa mu molo, chinyumba chachikulu cha mashopu ambirimbiri, cha masitepe oyenda okha. Munali mofunda. Lucia anawavula anawo majekete ndi zipewa n'kuziika m'chikwama. Anaima pa mzere mpaka Shalom anakhala pamwendo pa Fada Khirisimasi n'kupempha njinga. Mwanayo anasangalala mpaka mano onse panja, ndipo Lucia anadziona ngati wachita chinthu chanzeru kwambiri.

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero palibe nkhani. Koma ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kingsley anafika ndi anzake awiri, akupuma mothamanga.

"Tiyeni kokasketa, lero atseka msanga. Ndi pafupi pompa, misewu iwiri basi."

"Nanga anawa?"

"Aaa, kumeneko n'kozizira, ndiponso sungaskete ndi mwana kumsana. Ukagwa chagada umuphwanya. Tingopita pang'ono, ungolawa, tibwerera pompano."

Lucia anayang'ana uku ndi uku. Anthu anali piringupiringu, amayi okankha tingolo ta ana, abambo onyamula mapepala a mphatso, mlonda wovala yunifolomu akuyendayenda. Pafupi ndi mtengo waukulu uja panali benchi, ndipo pabenchipo panakhala mayi wachikulire wachizungu, wa imvi mbuu, zikwama zake zili pamapazi. Mayiyo anamuona Mthunzi akugona kumsana, n'kumwetulira.

Tsono apa mumumvetse Lucia. Kumene iye anakulira, mwana amene ali pakati pa anthu sali yekha. M'minibasi umapatsira khanda mayi amene sukumudziwa kuti akugwirizire, ndipo amaligwira. Pamsika umauza wogulitsa tomato kuti tandionerani mwanayu, ndipo amamuona mpaka utabwera, mwina kumupatsanso nthochi. Kukhala yekha ndi kutsekeredwa m'nyumba. Lucia sanaone kuti akuswa lamulo la Anti ake. Anaona agogo, anaona khamu, mtima wake unakhala pansi.

Anapita kwa mayi uja, anapinda bondo pang'ono, n'kupempha m'Chingerezi chake chaulemu kuti amuonereko anawo. Mayiyo anati ndi ana okongola kwambiri, n'kugwedeza mutu akumwetulirabe. Ngati anamva chimene ankapemphedwa, adziwa ndi iye mwini.

Lucia anamasula chitenje, n'kumubereketsa Shalom mng'ono wakeyo. Anamanga mfundo pachifuwa bwinobwino, monga ankachitira ndi ana a kwawo.

Shalom anamugwira dzanja n'kunena m'Chingerezi kuti amayi amati iwo asamakhale okha.

"Nokha?" anaseka Lucia. "Anthu onsewa sukuwaona? Agogo awa sukuwaona? Iwe ndiwe wamkulu tsopano. Ukhale pompa, usachoke. Akadzuka umupatse botolo. Ndikubwera pompano."

Shalom anakhala m'mphepete mwa benchi, miyendo isakufika pansi. Lucia anacheuka kamodzi, anamubayibitsa, n'kutsika masitepe ndi anzake.

4. Pa Ayisi

Malo osewerera aja anali chinyumba chozizira, pansi pake madzi oundana osalala ngati galasi. Anamupatsa nsapato zokhala ndi mpeni kunsi. Atangoponda, miyendo inapita kwina, iye kwina, n'kukhala pansi phi! Anzake anaseka, naye anaseka. Kingsley anamudzutsa n'kumugwira manja onse awiri, akuyenda chammbuyo.

"Usayang'ane pansi. Pinda mawondo. Eya, ukutha!"

Anazungulira kamodzi atagwira khoma. Anazungulira kachiwiri atagwira Kingsley. Kachitatu anayenda yekha, mphepo ikumuomba kumaso, nyimbo zikulira pamwamba. Chibwerereni ku America anali asanasekepo chomwecho. Nthawi zonse akafika pakhomo lotulukira ankati ndizungulire kamodzi komaliza.

Anadzidzimuka pamene nyimbo zinasiya ndipo wina analengeza kuti akutseka. Atayang'ana pawindo anaona kuti kunja kwada, magetsi a mumsewu ayaka. M'nyengo imeneyi dzuwa la kumeneko limalowa msanga, koma ngakhale zinali choncho, Lucia anadziwa kuti wakhalitsa.

Anavula nsapato zija n'kuthamanga. Chipilala chinali chitayaka tsopano kuchokera pamwamba mpaka pansi, anthu ataima n'kumajambulitsa. Iye anangodutsa, osatukula n'komwe mutu.

Pabenchi paja anapeza mnyamata ndi mtsikana akudya tchipisi. Agogo panalibe. Shalom panalibe. Mthunzi panalibe.

Anazungulira mtengo. Analowa m'chimbudzi cha amayi akuitana. Anakwera masitepe, anatsika, analowa m'shopu ya zidole, anafunsa aliyense amene anakumana naye. Ena anapukusa mutu, ena anamulambalala. Mashopu anayamba kutsitsa zitseko zachitsulo. Khamu lonse lija, limene iye analisiyira ana, linkangotuluka, aliyense ulendo wa kwawo.

"Mwina apita kokwerera basi," anatero Kingsley, amene anamutsatira. Mawu ake anali atachepa.

Kenako mlonda wa mu molo anabwera, atanyamula chikwama chimene Lucia anachizindikira. Anachitsegula n'kutulutsa kajekete kofiira ka Shalom ndi kachipewa ka Mthunzi. Anafunsa ngati iye ndi amene anali ndi ana aja. Lucia atavomera, mlondayo analankhula pa wailesi yake, ndipo posakhalitsa panafika wapolisi.

Kingsley ataona yunifolomu ya polisi anakumbukira mwadzidzidzi kuti galimoto yake anaiimika polakwika. Anati akubwera. Lucia sanamuonenso tsiku limenelo.

5. Mafunso Opanda Mayankho

Wapolisiyo sanakalipe. Anamuuza Lucia zimene zinachitika, monga momwe Shalom anafotokozera.

Mayi wachikulire uja anachoka amuna ake atabwera kudzamutenga. Mthunzi anadzuka n'kuyamba kulira, botolo analikana. Anthu anayamba kuyang'ana, ndipo Shalom anachita mantha. Anaganiza zokamufuna Lucia. Anatuluka panja wopanda jekete, mwana ali kumsana, osadziwa kuti malo osewerera aja ali mbali iti. Anayenda m'chipale, chitenje chikumasuka, khanda likutsetsereka. Anawapeza ndi bambo woyendetsa ngolo ya mahatchi. Pamene ankawafunditsa bulangete la m'ngolo yake, Mthunzi anali atasiya kulira. Tsopano onse awiri anali ku chipatala.

Lucia anakhala pansi pomwepo.

"Ali moyo?"

Wapolisiyo anati ali moyo, madokotala akumufunditsa. Kenako anayamba mafunso. Chiphaso chili kuti? Pasipoti inali ku South Bend. Mayi wa anawo amagwira ntchito kuti? Lucia ankangodziwa kuti ndi ku nyumba ya okalamba, dzina lake sanafunsepo. Nambala? Inali pafiriji. Nanga mayi amene anamusiyira anawo dzina lake ndani?

Limenelonso Lucia sankalidziwa.

Wapolisiyo anafunsanso pang'onopang'ono, ngati sakukhulupirira, kuti kodi iye anasiya khanda ndi munthu amene sakumudziwa ngakhale dzina? Lucia anayesa kufotokoza kuti kwawo zimatero, kuti panali anthu ambiri, kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. M'Chingerezi mawuwo anamveka opusa, ngakhale m'makutu mwake momwe. Wapolisiyo anangolemba.

Anamutengera ku chipatala pa galimoto ya polisi, pamodzi ndi chikwama chija. Anadutsa m'misewu yomwe ija ya nkhata ndi maliboni. Lucia anapemphera, koma pemphero lake linali la mawu awiri okha: Ambuye, Mthunzi.

6. Ku Chipatala

Sanamulole kulowa m'chipinda cha ana. Anamuuza kuti akhale pa mpando wa m'khonde. Kudzera pa galasi la chitseko anaona Shalom atafunda bulangete, akulankhula ndi mayi wina wa jekete lakuda amene anali ndi chikwama cha mapepala. Ameneyo anali wa boma woona za ana. Dzina la ku ntchito kwa amayi ake analitchula ndi Shalom yemweyo, ndipo anamwino anaimba foni.

A Chrissie anafika akuthamanga, yunifolomu ili m'thupi, jekete ataiwala. Anadutsa pamaso pa Lucia ngati palibe munthu. Anawalola kuona Mthunzi, amene anali m'kabedi kofunda, timasaya titatuwa ndi chisanu. Dokotala anati achira, koma agone m'chipatala kuti amuyang'anire.

Kenako mayi wa boma uja anawaitanira m'khonde. Anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo zimenezi zinkapweteka kuposa kukalipa. Anati nkhani si ya lero lokha. Atamufunsa Shalom ngati anayamba waonererapo mng'ono wake, mwanayo anayankha monyadira kuti inde, amamuonera masana amayi akagona pochokera ku shifiti ya usiku, ndipo amatha kumupatsa botolo yekha.

"Ndimakhala m'nyumba momwemo!" anatero a Chrissie m'Chingerezi. "Ndimangotseka maso pang'ono pampando. Sindinawasiyepo okha!"

Mayiyo anati mwina n'zoona, ndipo zikatero zidzaoneka. Koma lero khanda lapezeka mumsewu, m'chisanu, kumsana kwa mwana mnzake. Iye sangabweze anawo ku nyumba imeneyo asanafufuze. Maofesi atsekedwa chifukwa cha Khirisimasi. Woweruza adzamva nkhaniyo Lolemba. Kufikira tsiku limenelo, Mthunzi akatuluka m'chipatala adzakhala m'manja mwa boma, ndipo Shalom akagona kwa banja lina losunga ana.

Lucia anadzuka.

"Wolakwa ndine! Anti anandiuza, ine sindinamve. Nditengeni ineyo, munditsekere, koma ana apite kwawo!"

Mayiyo anamuyang'ana mwachifundo n'kunena kuti zimenezo akanene kwa woweruza.

A Chrissie anagwada. Anagwada pa simenti ya chipatala, mayi wa ana awiri, n'kuomba m'manja monga timapepesera kwathu. Anamwino anayang'ana kumbali. Mayi wa boma anayesa kuwadzutsa, nati asachite zimenezo. M'dziko limenelo kugwada sikusintha chimene chalembedwa.

Shalom anatuluka atagwiridwa dzanja, atavala kajekete kake kofiira. Ataona kuti akupita naye ku khomo lina, osati kwa mayi ake, anayamba kulimbalimba. Mwana amene sankayankha m'Chichewa uja anakuwa khonde lonse kumva:

"Amayi, musandisiye! Amayi, sindidzachitanso!"

Ankaganiza kuti wolakwa ndi iye. Chitseko chinatsekeka, ndipo mawu ake ankamvekabe mpaka anazimirira.

7. Tsiku la Khirisimasi

Kunacha. M'nyumba ya ku Beech Grove munali zii. Pansi pa kamtengo kapulasitiki panali mphatso zokulungidwa, ndipo palibe amene anazikhudza. Lucia anali asanadye chilichonse chichokereni m'tauni. Anaphika tiyi n'kukapereka atagwada. Tiyiyo anazizirira patebulo.

A Chrissie anali atapita ku chipatala m'mamawa. Anawalola kumuona Mthunzi kanthawi kochepa, namwino ataima pambali. Kumene kunali Shalom sanawauze. Tsopano anakhala pampando, maso ali pakhoma. Lucia ankalakalaka akanamukalipira, akanamumenya kumene. A Chrissie atatsegula pakamwa, analankhula motsitsa.

"Sindikukalipira, Lucia. Mphamvu zake ndilibe. Ukanakhala mwana woipa bwenzi ndikudziwa chochita nawe. Koma iwe unachita zimene mayi ako amachita, zimene ine ndinkachita, zimene tonse tinakuliramo. Kwathu zimenezo ndi umunthu. Ndinakuuza kuti kuno si kwathu, iwe unamva ndi khutu limodzi, lina likumvera mabelu a mahatchi. Unaona kuti ine ndikukokomeza. Foni inali pomwepa, ukanangoimba n'kufunsa kuti Anti, ndingapite nawo m'tauni? Ukanafunsa kuti Anti, ndingawasiye pabenchi? Sunafunse chifukwa unkadziwa kuti ndikana. Pamenepo pokha ndi pamene pali tchimo lako. Tsopano madzi atayika, saoleka. Lolemba ukaima pamaso pa woweruza, ukanene zonse mmene zinayendera, osachotsa, osawonjezera. Kaya atibwezera ana, kaya satibwezera, ine sindikudziwa. Ndagwira ntchito usiku ndi usana m'dziko lino kuti ana anga asasowe kanthu, lero sindikudziwa ngakhale nyumba imene mwana wanga wagona."

Lucia analira. Anafuna kunena kuti pepani, koma liwulo linali laling'ono kwambiri.

Pomwepo foni ya m'nyumba inalira. Onse awiri anadzidzimuka. A Chrissie anaithamangira, poganiza kuti ndi a boma. Atamva mawu a kumbali inayo, nkhope yawo inagwa.

"Ee, bambo a Shalom... Tadzuka... Khirisimasi yabwino inunso."

Anali a Chester, akuimba kuchokera kumudzi ku Malawi. Mawu awo ankamveka mpaka pamene panali Lucia. Ankati mwambo wa maliro unayenda bwino, abale onse asonkhana pakhonde, ndipo azakhali akufuna kumva mawu a ana. Awapatse kaye Shalom.

A Chrissie anatseka foni ndi dzanja.  Kenako anatambasula mkono n'kumupatsa Lucia.

"Ankolo ako akufuna ana awo. Ine pakamwa pauma. Uwauze ndiwe kumene ali."

Lucia analandira ndi manja awiri n'kuika foni kukhutu. Kutali kunkamveka anthu akuseka ndi tambala akulira.

"Halo?" anatero a Chester mosangalala. "Shalom, ndiwe, mwana wanga?"